KUFAFANIZA DZINA SIKUBISA WODWALA

M'caka ca 2016, boma la Australia linaika pa intaneti kaundula wa zacipatala wa munthu mmodzi mwa anthu khumi alionse a m'dzikomo. Colinga cinali cabwino: kuti akatswiri afufuze matenda amene akusautsa anthu. Maina onse anali atafafanizidwa.

Patangopita masabata owerengeka, akatswiri a pa University of Melbourne anatulukira manambala obisika a madotolo, ndipo boma linacotsa kaundulayo. Mu 2017 akatswiriwo anaonetsa coopsa cina: munthu wodziwa caka cimene mai anabadwa ndi masiku amene anaberekera ana ake angathe kumpeza m'kaundulamo, n'kuwerenga mankhwala amene analandira.

Inu a kumudzi mudziwa bwino zimenezi. Pakamveka za mai wa zaka 40 amene anabereka mapasa pa nyengo yokolola, ndani angafunsenso dzina?

Kuno ku Zambia, zipatala zambiri zimalemba odwala m'makompyuta a SmartCare. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinsinsi zofunika kusungidwa mosamala koposa.