Kanyama ka Pakhosi Kofooketsa Mafupa

Mayi wa zaka zopitirira 50 akayamba kudandaula kuti mafupa akuwawa, ludzu silikutha, ndipo usiku akudzuka kawirikawiri kukataya madzi, abale amangoti ndi ukalamba. Komatu nthawi zina gwero la mabvuto onsewa limakhala pakhosi.

Kumbuyo kwa ciwalo cimene cimatupa pa nthenda ya cithokomiro kuli tiziwalo tinai, kalikonse kocepa ngati kambeu ka mpunga. Madotolo amatichula kuti parathyroid. Nchito yake ndi kusunga muyeso wa kashiamu m'magazi, mcere umene umalimbitsa mafupa. Kamodzi kakakula nkuyamba kugwira nchito mopyola muyeso, kamasungunula kashiamu wa m'mafupa ndi kumthira m'magazi. Mafupa amafooka, ena amathyoka ngakhale munthu atangogwa pang'ono, ndipo mu impso mumapangika timiyala towawa koopsa. Pakhosi sipaoneka cotupa ai. Cimene cimaulula nthendayi ndi kupima magazi ku cipatala.

Tiziwaloti tinaoneka koyamba m'thupi la cipembere cimene cinafera m'malo osungiramo nyama mu London, pamene katswiri Richard Owen anacing'amba. M'caka ca 1925, dotolo Felix Mandl wa ku Vienna anacotsa kaciwalo kotere pakhosi pa mwamuna amene anali atalephera kuyenda, ndipo mwamunayo anadzayendanso.

Kufikira lero, opareshoni ndiyo njira yokha yocizira nthendayi kotheratu. Pa odwala 10 ali onse, pafupifupi 8 amakhala ndi kaciwalo kamodzi kokha kolakwika, ndipo kawirikawiri si khansa. Dotolo amayamba wakafunafuna ndi makina ounikira, kenaka amaceka pang'ono m'munsi mwa khosi, nacotsa kokhako. Totsalato timapitiriza nchito. Odwala oposa 9 pa 10 amacira.

Mantha a mpeni wa pakhosi ngomveka, ndipo zoopsa zake siziyenera kubisika. Pafupi ndi tiziwaloti pamadutsa mtsempha wa mau. Ukakhudzidwa, mau amasasa, ngakhale kuti kwa ambiri amabwerera. Ena m'masiku oyamba amamva dzanzi m'milomo ndi m'zala cifukwa kashiamu watsika, ndipo amapatsidwa mapiritsi ace.

Opareshoni yotere siicitika pa kiliniki ya kumudzi. Wodwala amafunika kalata yomtumiza ku cipatala cacikulu, monga University Teaching Hospital mu Lusaka.