Pikiapu ya dizilo ikamavuta kulira m'mawa

Juni ndi Julayi akafika, eni mapikiapu akale ngati Toyota Hilux ya injini ya 3L amandifunsa chomwe galimoto imavutira kulira m'mawa, ikalira n'kumafuka utsi woyera. Ndimawauza kuti ayambire pa ma glow plug. Injini ya dizilo imayatsa mafuta ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. Kukazizira kutenthako kumaperewera, ndiye mapulagiwa amathandizira.

Musanagule atsopano, onani kaye fyuzi ndi relay za mapulagiwa. Kenako chotsani waya wa negative pa batire, masulani kachitsulo kolumikiza mapulagi onse anayi, muyese iliyonse ndi multimeter. Yamoyo imawerenga pafupifupi 1 ohm, yakufa imasonyeza kuti moto sukudutsa.

Pomasula mapulagiwo m'pofunika kudekha. Thirani WD-40 dzulo lake, ndipo muziwamasula injini ikadali yofunda. Pulagi ikalimba, ibwezeni pang'ono n'kuyambiranso, chifukwa ikadukira mkati ntchito yake imafika potsitsa hedi. Ine ndimasintha onse anayi pakamodzi, a mavolti ofanana ndi akalewo. Pomanga, yambani ndi zala kuti pulagi ilowe molunjika, sipanala ibwere pomaliza, osakanikiza kwambiri.