Kuunika M'nyumba Magetsi Akathima

Nkhani yathu ya lero ikuchokera ku Lisasadzi m'boma la Kasungu, dera la alimi a fodya ndi mtedza, ndipo ndi yokhudza kuunika m'nyumba pa nthawi ya ngozi.

Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anagwetsa mvula yoopsa m'chigawo cha kum'mwera, ndipo madzi a mtsinje wa Shire anagumula damu la ku Kapichira, kumene amapanga magetsi okwana pafupifupi mamegawati 130. Makina a kumeneko anakhala osagwira ntchito kupitirira chaka chathunthu. Namondweyo sanaononge kwambiri kuno ku Kasungu, komabe mdima unafika, pakuti magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa Shire.

Kapena wina anganene kuti za magetsi sizimkhudza popeza kumudzi kwawo kulibe mawaya. Koma taganizani: lamya yanu ya m'manja ndi tochi ija mumakazitchajitsa kuti? Pa sitolo pakakhala mdima, masiku awiri okha nanunso muli mumdima.

Tsono choyamba ndi kusunga chimene muli nacho. Machesi ikani m'botolo lotseka bwino kuti asanyowe. Mabatire muziwachotsa mu tochi masana, ndipo ena muwasungire wailesi, chifukwa machenjezo a zanyengo mudzawamvera pamenepo. Nsima iphikidwe dzuwa lisanalowe, banja lonse likhale pa nyali imodzi. Amene muli ndi nyali ya sola, ngakhale kuli mitambo itulutseni panja. Imalandirabe mphamvu, ngakhale pang'ono.

Nanga kandulo ndi palafini zikatha? Apa tibwerere kwa makolo athu, amene ankaunikira nsatsi. Nsatsi zimamera zokha m'mabwinja ndi kuseri kwa makola, ndipo pafupifupi theka la njere yake ndi mafuta. Tengani njere zokhwima ndi zouma bwino, muchotse khungu lolimba lija, muzitunge pa kamtengo kosongoka kapena pa waya ngati mikanda. Zikani kamtengoko m'chitini cha mchenga ndi kuyatsa njere ya pamwamba. Ikatha, moto umatsikira pa inzake. Utsi ulipo ndithu, sitikana, koma mayi atha kuona nkhope ya mwana wodwala ndi kuyeza mankhwala. Mtedza wouma nawonso umayaka chimodzimodzi, ngakhale kuti mlimi aliyense adzamva chisoni kuotcha ndiwo. Chenjezo ndi lakuti njere za nsatsi ndi poizoni. Zikhale patali ndi ana.

Njira ina ndi ya mafuta ophikira. Thirani pang'ono m'kambale kadothi, mupote kansalu ka thonje kukhala chingwe, muviike m'mafutamo ndi kusiya nsonga yokha pamlomo pa mbale. Nsalu ya nayiloni siyenera, imangosungunuka. Chingwe chikhale chachifupi, pakuti chachitali chimamwa mafuta ndi kudetsa nyumba ndi mwaye, monga momwe amachitira koloboyi. Ndipo m'koloboyi musayerekeze kuthiramo petulo palafini akasowa, chitini chimaphulika.

Pomaliza ndilankhule ndi inu alimi a fodya. Anamondwe amabwera m'miyezi ya Januwale mpaka Malichi, nthawi yomwe mukuthyola fodya ndi kumupachika m'zigafa. Mphepo ikaomba usiku, mtima umathamangira kukaona ngati denga la chigafa lilipo, ndipo munthu amangosolola udzu, kuyatsa muuni ndi kutuluka. Denga ndi la udzu, masamba akuuma, mphepo ikuomba: kanthethe kamodzi kangathe kupsereza thukuta la chaka chonse, ngongole ya feteleza n'kutsala. Tochi imodzi yokhala ndi mabatire abwino muipachike pa msomali pafupi ndi chitseko, ikhale ya ku chigafa yokha, ndipo ana adziwe kuti imeneyo si yowerengera.