Dziko la Mlolo ndi Mapanga a Akafula

Kummwera kwa mzinda wa Chipata, m'chigawo cha Kummawa m'dziko la Zambia, kuli boma la Chadiza, lomwe lachita malire ndi Mozambique. Kumeneko n'kumene kuli dziko la Mfumu Mlolo. Anthu ake ndi Achewa, alimi a chimanga, mtedza, thonje ndi mpendadzuwa, ndipo chaka ndi chaka mwezi wa Ogasiti amapita ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Dzikoli n'la zigwa ndi madambo, koma apo ndi apo pali mapiri a matanthwe okhala ndi mapanga.

Akuluakulu amati makolo athu pofika kuno sanapeze tchire lokhalokha. Anapeza Akafula, anthu aafupi msinkhu, osadziwa khasu, odya nyama, uchi ndi zipatso. Akuti ukakumana naye mmodzi ankakufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Woyankha kuti wamuonera pafupi ankaputa mkwiyo, wanzeru ankati, "Ndakuonerani patali."

Kodi imeneyi ndi nthano chabe? Funso lotere linavutitsanso anthu a ku Ulaya pa nkhani za Agiriki akale. Ambiri ankayesa kuti mzinda wa Troy, wotchulidwa m'ndakatulo za Homer, unali wongopeka, mpaka Heinrich Schliemann atakumba chitunda cha Hisarlik ku Turkey m'ma 1870. Anapezadi mizinda yosanjikizana, koma akatswiri a pambuyo pake anaona kuti chuma chimene iye anachipeza n'kuchitama chinali chakale ndi zaka pafupifupi 1,000 kuposa nthawi ya nkhondo yotchulidwa m'ndakatulozo. Nthano inaloza malo, koma zaka zinawerengedwa ndi dothi.

Ku Chadiza zinateronso. M'boma lomweli muli phanga la Kalemba, lomwe katswiri wofukula zakale David Phillipson analikumba mu 1971. Ankachotsa dothi pang'onopang'ono, akulemba kuya kwa chilichonse chimene wapeza, pakuti chapansi n'chakale kuposa chapamwamba. Pansi penipeni panali zida zikuluzikulu zamiyala. Chakumtunda kunali timiyala tosongoka toika kunsonga za mivi, mikanda yazigoba, mafupa a nyama ndi manda a anthu. Pamwamba m'pamene panaoneka mapale. Makala a m'phangamo atapimidwa anasonyeza kuti anthu anayamba kukhalamo zaka zoposa 35,000 zapitazo.

Phillipson anakumbanso ku Thandwe kufupi ndi Chipata, ku Makwe kufupi ndi Katete ndi ku Kamnama, mudzi wa osula zitsulo wa zaka zoposa 1,500. Zonsezi anazilemba m'buku lake la 1976 lonena za mbiri yakale ya kummawa kwa Zambia. Chachikulu chimene anapeza n'chakuti alimi atafika, alenje amene anawapezako sanathe msanga. Anakhalabe m'mapanga zaka mazanamazana, akusema zida zamiyala pamene anansi awo ankasula makasu, ndipo miphika ya alimi inkafika kwa iwo. Pamenepa mawu a agogo ndi umboni wa m'dothi zagwirizana.

Zojambula za pamatanthwe nazo zili mitundu iwiri. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, akatswiri amati n'za alenje aja. Zoyera, zopakidwa ndi chala, n'za alimi, ndipo zambiri zikukhudza chinamwali ndi nyau, monga zilili ku Chongoni ku Malawi, komwe UNESCO inakuika m'kaundula wake mu 2006.

Komabe pali pamene mbiri yapakamwa ndi umboni wa m'dothi zimasiyana. Mbiri yapakamwa imasunga maina a mafumu ndi maulendo awo, monga ulendo wa Undi wopita ku Mano, koma siwerenga zaka. Dothi limawerenga zaka, koma silitchula dzina la munthu. Wofuna mbiri yoona ayenera kufunsa konsekonse.

Choncho inu ana a sukulu, mukapita kobusa n'kupeza phanga lojambulidwa, musalembepo maina ndi makala, musasonkhe moto pansi pake, ndiponso musakumbemo. Kauzeni aphunzitsi kapena amfumu, chifukwa phale likachotsedwa pamalo pake, palibenso angadziwe zaka zake.