Chifukwa Chake Aphungu Oima Paokha Amasowa ku America

Pa chisankho cha 2014 Amalawi anatumiza aphungu 52 oima paokha ku nyumba ya malamulo ya mipando 193, ndipo mu 2019 anakwera kufika pa 55. N'chifukwa chake ndikauza anthu akwathu kuti ntchito yanga kuno ku America ndi kuyendetsa kampeni za anthu opanda chipani amene akufuna uphungu, amaiona ngati ganyu yopepuka. Kwathu woima payekha sachititsa chidwi, nanga kuno chingavute n'chiyani? Chimavuta ndithu. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50 za dziko lino chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo, yosiyana ndi ija ya ku Washington, ndipo ndi imene imagamula za masukulu, misewu, misonkho ndi ziphaso za m'chigawomo. Mipando yonse pamodzi imaposa 7,300. Tikapatula Nebraska, kumene pa pepala lovotera salembapo chipani cha munthu aliyense, opanda chipani sakwana ngakhale mmodzi pa aphungu 100 aliwonse.

Anthu amathamangira kunena kuti Aamerika amakonda zipani zawo kwambiri. Ayi. Ambiri amazinyoza tsiku ndi tsiku. Chimene chimatchinga woima payekha ndi kalendala, mapepala ndi ndalama, ndipo ndifotokoza potengera chigawo cha Maine, chomwe ndimachidziwa bwino komanso chomwe chili m'gulu la zigawo zofewa kwa anthu otere. Maine anasankhapo abwanamkubwa awiri opanda chipani, James Longley mu 1974 ndi Angus King mu 1994.

Tiyambe ndi kalendala, poti m'pamene pali kusiyana kwenikweni ndi kwathu. Woima payekha wa ku Malawi kawirikawiri ndi munthu wa chipani amene wagwa pa chisankho cha chipulula, kapena amene akuona kuti akuluakulu am'bera, ndiye wavula nsalu ya chipani n'kukapereka dzina lake kwa bungwe loyendetsa zisankho. Anthu ake amam'tsatira, ndipo nthawi zina amagonjetsa amene chipani chinam'dzoza. Njira imeneyo kuno ndi yotseka pafupifupi paliponse. Ku Maine, amene akufuna kuima payekha ayenera kukhala atatuluka m'chipani pofika pa 1 Marichi m'chaka cha chisankho, n'kupereka mapepala ake pofika pa 1 Juni. Chipulula cha zipani chimachitika Lachiwiri lachiwiri la Juni. Mukuona nokha: podziwa kuti wagwa, chitseko china chija chinatsekedwa kale. Zigawo zambiri zili ndi malamulo a mtundu womwewu. Connecticut ndi chimodzi mwa zochepa zomwe zilibe, n'chifukwa chake Joe Lieberman atagonja kwa Ned Lamont pa chipulula cha Democratic mu 2006 anatha kuimanso kunja kwa chipanicho n'kusunga mpando wake wa ku Washington. Nkhaniyo imakumbukika chifukwa siichitikachitika.

Tsono woima payekha wa kuno amakhala atasankha njirayo chaka chisanafike pakati, alibe gulu la okwiya lom'tsatira. Amayamba yekha.

Kenaka pamabwera masiginecha. Ku Maine nyumba za malamulo zilipo ziwiri: yaikulu ili ndi mipando 151, ndipo phungu mmodzi amaimira anthu pafupifupi 9,000. Wa chipani amafunika masiginecha 25 kuti alowe pa chipulula. Wopanda chipani amafunika 50. Ku nyumba yaing'ono ya mipando 35, wa chipani amafunika 100, winayo 200. Mungaseke kuti 50 ndi chiyani. Koma aliyense wosaina ayenera kukhala wolembetsa m'kaundula wa dera lomwelo, mlembi wa tauni ayenera kutsimikiza dzina lililonse, ndipo wotolera masiginechawo ayenera kulumbira kuti anaona ndi maso munthuyo akusaina. Wina amasaina koma anasamuka chaka chatha, wina amakhala tsidya lina la msewu lomwe lili m'dera lina. N'chifukwa chake sitiimira pa 50 penipeni. Ndipo Maine ndi wachifundo. Ku Georgia lamulo la mu 1943 limafuna masiginecha a anthu 5 pa 100 aliwonse olembetsa m'deralo, kutanthauza mayina masauzande, wofuna uphunguyo asanalankhule n'komwe za mfundo zake.

Gawo limene anthu akunja saliona, lomwenso limandidyera nthawi kuposa lina lililonse, ndi la mndandanda wa ovota. Kuno kampeni ya mpando waung'ono sichitikira pabwalo la mpira, kulibe magule, kulibe kugawa nsalu. Imachitikira pa chitseko. Wofuna uphungu amayenda nyumba ndi nyumba, kugogoda, kudzitchula dzina, kumvetsera. Funso lalikulu ndi lakuti agogode pati, poti sangamalize nyumba zonse. Zipani ziwiri zikuluzikulu zinayankha funsoli kalekale. Zili ndi nkhokwe za pa kompyuta, monga VoteBuilder ya a Democratic, zomwe zasunga zaka ndi zaka za mbiri ya wovota aliyense: amavota chisankho chilichonse kapena cha pulezidenti chokha, anati chiyani atam'gogodera ulendo wapitawo, anaperekapo ndalama kapena ayi. Woima payekha amagula kaundula wosakonza ku boma, wongokhala ndi dzina, adiresi, chipani ndi zisankho zomwe munthuyo anavotapo. Zotsalazo amazilemba yekha. Ali ngati mlimi amene sali mu kalabu: feteleza yemweyo amam'peza mochedwa, pa mtengo wokwera, n'kudzinyamulira yekha pamutu.

Pamndandandapo pali msampha womwe umakola pafupifupi aliyense wobwera kumene. Amaona kuti ovota ambiri ku Maine sanalembetse chipani chilichonse, ndiye amati amenewa ndi anga. Si ake. Ambiri mwa iwo amavotera chipani chimodzimodzi chaka ndi chaka, kungoti safuna kutchedwa nacho dzina, ndipo ena mwa iwo ndi amene samvera n'komwe za zisankho zazing'ono. Mavoti a woima payekha amachokera kwa anthu amene amam'dziwa: anaphunzitsa ana awo, anakhalapo mu khonsolo ya tauni, anali mu gulu lozimitsa moto. Popanda chilembo cha chipani pambali pa dzina, dzinalo liyenera kudzinyamula lokha.

Pa ndalama, Maine anachita chinthu chimene ndimachilemekeza. Mu 1996 anthu anavomereza lamulo lakuti boma lizilipira kampeni ya aliyense amene walonjeza kusalandira ndalama za mabungwe ndi anthu olemera, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2000. Wofuna mpando wa nyumba yaikulu amatolera madola 5 kwa ovota 60 a m'dera lake, ndipo akatero thumba la boma limam'patsa ndalama za kampeni, kaya ali ndi chipani kaya alibe. Ndaona kuti madola 5 amenewa amanena zoona kuposa siginecha. Munthu amasaina pongofuna kuti muchoke pakhomo pake, koma kutulutsa ndalama, ngakhale yochepa, n'chizindikiro. Komabe lamuloli silitseka pakamwa zipani: zimatha kusindikiza makalata ndi kulipira zotsatsa zothandiza munthu wawo paokha, ndipo woima payekha alibe wom'chitira zimenezo.

Chotsiriza chom'gwetsa ndi mantha a ovota. Mpikisano ukakhala wa anthu atatu, pachitseko timamva mawu omwewo: ndimakukondani, koma ndikavotera inu apambana uja. Ambiri amaganiza kuti Maine anathana ndi vutoli mu 2016 povomereza kavotedwe kondandalika mayina, woyamba, wachiwiri, wachitatu. Zoona zake n'zakuti mu 2017 khoti lalikulu la chigawocho linalangiza kuti malamulo aakulu a Maine amafuna kuti pa mipando ya chigawo apambane amene wangopeza mavoti ochuluka. Choncho kavotedwe katsopanoko kamagwira pa zipulula ndi pa mipando ya ku Washington, koma osati pa chisankho cha Novembala cha aphungu a nyumba za malamulo za Maine. N'chifukwa chake munthu akabwera kudzandipempha thandizo, ndisanafunse zimene amakhulupirira ndimafunsa kuti pa pepalapo padzakhala ndani. Dera limene chipani chimodzi n'champhamvu kwambiri moti chinacho sichiimikako munthu, m'pamene woima payekha amapumira, poti amatenga onse otopa ndi mwini dera.

Akapambana, mavuto amangosintha nkhope. Sipikala ndi amene amagawa makomiti, ndipo Sipikala amasankhidwa ndi chipani chochuluka. Phungu wopanda komiti yabwino alibe poyambira kukankha bilu yake, ndiye ambiri amakhalira limodzi ndi chipani china pa zokambirana zake ngakhale sanalowemo. Apa mpomwe timafanana ndi kwathu, kumene oima paokha sachedwa kupezeka ku mabenchi a boma. Mphamvu yeniyeni amaipeza pokhapokha mipando ikagawika pafupifupi pakati. Zinatero ku Alaska, m'nyumba ya mipando 40, kumayambiriro a 2019: aphungu anatha mwezi wathunthu osagwirizana za Sipikala, mpaka Bryce Edgmon wa ku Dillingham atasiya chipani cha Democratic n'kukhala wopanda chipani, ndipo a mbali zonse ziwiri anapeza poti angam'votere. Mu 2025 anam'sankhanso.