Zamoyo za m'nthaka ku Nkhata Bay

Zamoyo za m'nthaka ndi zolengedwa zonse zimene zimakhala m'dothi kapena pansi pa masamba oyoyoka, kuyambira tizilombo tosaoneka ndi maso monga mabakiteriya mpaka nyongolotsi, chiswe, nyerere, bongololo ndi mfuko. Zamoyozi zimawoletsa zinyalala, zimabwezera michere m'nthaka, zimaboola timipata tolowera madzi ndi mpweya, ndiponso zimathandiza mizu ya mbewu kupeza chakudya. Izi ndi zina mwa ntchito zimene chilengedwe chimagwirira anthu popanda malipiro.

Ku Nkhata Bay kumagwa mvula yambiri ndipo minda yochuluka ili pamalo otsetsereka. Chonde cha minda yotere chimakhala m'dothi lapamwamba, momwe mulinso zamoyo zambiri. Dothi limeneli likapsa ndi moto kapena likakokoloka, zokolola za chinangwa zimatsika, bowa amasowa m'nkhalango, ndipo madzi a m'mitsinje ndi m'mbali mwa nyanja amada ndi matope.

Malo ndi nthaka yake

Tawuni ya Nkhata Bay ili m'mbali mwa Nyanja ya Malawi m'Chigawo cha Kumpoto, pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzinda wa Mzuzu. Ndi likulu la boma lomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 280,000, ambiri mwa iwo Atonga. Bomali ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi. Pachaka imagwa yoposa mamilimita 1,500, ndipo imakula mphamvu m'miyezi ya Malichi ndi Epulo pamene madera ambiri a pakati ndi kumwera ayamba kuuma.

M'mapiri ndi m'zitunda muli nthaka yofiira ya katondo, m'mphepete mwa nyanja muli ya mchenga, pomwe m'madambo monga la Limphasa muli dothi lolemera losunga madzi lomwe anthu amalimamo mpunga. Kwa zaka zambirimbiri mvula yakhala ikutsuka michere ya m'katondo monga kashiamu ndi potaziyamu n'kuitsitsira pansi pomwe mizu ya mbewu sifika. Nthaka yotsalayo imakhala ya asidi. M'nthaka ya asidi mchere wa fosifolasi umamatirira ku ayironi ndi aluminiyamu, moti mbewu zimavutika kuutenga ngakhale ulipo. Tiyi amakonda nthaka ya asidi ndi mvula yambiri, n'chifukwa chake amalimidwa ku Kawalazi. Mitengo ya mphira ya ku Vizara nayonso imachita bwino m'nyengo yomweyi.

Ngakhale nthakayi ndi yosauka chotere, nkhalango za Kalwe ndi Mkuwazi zili ndi mitengo ikuluikulu. Chomwe chimachitika n'chakuti masamba akagwa, zamoyo za m'nthaka zimawadya ndi kuwawoletsa msanga chifukwa cha chinyezi ndi kutentha, ndipo mizu imatenganso micherezo mvula isanaikokolole. Chakudya chimangozungulira pakati pa mtengo, tsamba ndi dothi. Munthu akatema nkhalango yotere n'kutsegula munda amakolola bwino zaka zoyambirira, kenako zokolola zimayamba kutsika chifukwa masamba odyetsa nthaka palibenso.

Magulu a zamoyozi

Asayansi amagawa zamoyo za m'nthaka potengera kukula kwake.

Zing'onozing'ono kwambiri ndi mabakiteriya ndi mafangasi, ndipo zimaoneka pokhapokha ndi makina otchedwa maikulosikopu. Mafangasi ndi gulu lomwe muli bowa ndi chuku. Bowa amene anthu amazula ndi chipatso chabe, thupi lenileni ndi timaulusi toyera tomwe timayanga m'dothi ndi m'masamba owola. M'galamu imodzi ya dothi lachonde mumatha kupezeka mabakiteriya okwana 1 biliyoni.

Zapakati ndi timinyongolotsi totchedwa manematodi pamodzi ndi tizilombo tina tofanana ndi nthata. Timeneti timadya mabakiteriya ndi mafangasi, ndipo potero timamasula michere yomwe inali m'matupi mwawo.

Zikuluzikulu ndi zomwe mlimi amaziona akamagaula: nyongolotsi, chiswe, nyerere, bongololo, nkhululu, mphutsi zoyera ndi mfuko. Zimenezi zimaduladula zinyalala, zimakumba maenje ndi kusakaniza dothi.

Kuwoletsa zinyalala

Ntchito yoyamba ya zamoyozi ndi kusandutsa mapesi, masamba, ndowe ndi mizu yakufa kukhala chonde. Bongololo ndi chiswe zimatema zinyalala m'tizidutswa, nyongolotsi zimakokera tizidutswato pansi, ndipo mafangasi ndi mabakiteriya amamaliza kuwoletsa. Chotsala ndi dothi lakuda lofewa lomwe limagwira michere ndi chinyezi. Ku katondo wa ku Nkhata Bay dothi lakudali ndi lofunika kwambiri chifukwa katondo payekha sasunga michere yambiri. Ndi dothi lomweli lomwe limathandiza kuti feteleza asakokoloke mbewu zisanamudye. Limasunganso kaboni amene akanapita mumlengalenga n'kuwonjezera kusintha kwa nyengo.

Chinangwa ndi mafangasi a kumizu

Chakudya chenicheni cha anthu ambiri ku Nkhata Bay ndi kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa, ndipo masamba a chinangwa amaphikidwa ndiwo ya chigwada. Kufupi ndi tawuniyi kuli malo a boma ochitira kafukufuku wa zaulimi a Mkondezi, omwe amadziwika ndi ntchito ya chinangwa ndi mbatata.

Anthu amati chinangwa chimabereka ngakhale panthaka yoguga. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi mafangasi otchedwa maikoraiza. Mizu yodyera ya chinangwa ndi yochepa ndipo ilibe timizu tambiri taubweya, choncho payokha singathe kusonkhanitsa fosifolasi wokwanira. Mafangasiwa amalowa m'mizu n'kutulutsa timaulusi tawo tomwe timafika kutali, m'timing'alu momwe muzu sungalowe. Timaulusito timabweretsa fosifolasi ndi madzi, ndipo chinangwa chimabwezera shuga wopangidwa m'masamba. Kafukufuku wa ku bungwe la CIAT m'dziko la Colombia anasonyeza kuti chinangwa chobzalidwa m'dothi lomwe mafangasi ake aphedwa chimakula monyozoloka pokhapokha chitapatsidwa fosifolasi wochuluka kwambiri. Chimanga, nyemba ndi nthochi nazonso zimakhala ndi maikoraiza, koma chinangwa chili m'gulu la mbewu zowadalira kwambiri.

Mbewu za mtundu wa nyemba

Mumpweya muli nayitirojeni wambiri, pafupifupi magawo 78 pa 100 aliwonse, koma mbewu sizingamutenge mwachindunji. Mabakiteriya otchedwa raizobiya amalowa m'mizu ya mtedza, nyemba, soya, khobwe, nzama ndi nandolo n'kupanga timibulu. M'timibulumo amasandutsa nayitirojeni wa mumpweya kukhala chakudya cha mbewu. Kambulu komwe kakugwira ntchito kamakhala kofiirira m'kati kakang'ambidwa. Masangwi ndi mizu ya mbewuzi zikawolera m'munda, mbewu yotsatira imapindula. Mitengo ya gilisidiya, ombwe ndi msangu imachita chimodzimodzi.

Nthaka ikakhala ya asidi wambiri, raizobiya sagwira bwino ntchito. N'chifukwa chake alangizi a zaulimi amalimbikitsa kuthira manyowa kapena laimu, ndiponso kupaka mbewu ya soya mankhwala a inokulanti, omwe ndi mabakiteriya amoyo osungidwa m'mapaketi.

Chiswe, chulu ndi bowa

Alimi ambiri amaona chiswe ngati mdani chifukwa chimadya mapesi a chimanga, mitengo ya chinangwa yobzala kumene ndi mitengo ya denga. Komabe si mitundu yonse ya chiswe imene imagwira mbewu zamoyo. Yambiri imadya zouma zokha. Pomanga chulu, chiswe chimatulutsa dothi la pansi lokhala ndi dongo ndi michere, ndipo alimi ena amagumula dothili n'kuliwaza m'minda ya mchenga. Njira zomwe chiswe chimaboola zimalowetsa madzi a mvula pansi.

Mitundu ina ya chiswe imalima bowa m'kati mwa chulu. Imatafuna zinyalala n'kuziunjika m'tizipinda, ndipo pamenepo pamamera mafangasi omwe chiswecho chimadya. Mvula ikagwa, mafangasiwa amatulutsa bowa wodyedwa monga utale. Pachulu pomweponso ndi pamene pamatuluka ngumbi, zomwe ndi ndiwo komanso malonda.

Bowa wina monga ndelema samera pachulu koma pansi pa mitengo ya mombo, tsamba ndi msuku, chifukwa timaulusi take timakuta mizu ya mitengoyi n'kumasinthana nayo chakudya. Bowa wotere salimika m'munda. Mitengo ikadulidwa n'kuwotchedwa makala, bowayo amatha nayo limodzi. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu Brian Morris analemba za bowa wa m'Malawi ndi mayina ake m'buku la Common Mushrooms of Malawi la mu 1987.

Madzi, mitsinje ndi nyanja

Timaulusi ta mafangasi ndi ulimbo wotuluka m'matupi a nyongolotsi ndi mabakiteriya zimamanga dothi kukhala timibulu tosasungunuka msanga ndi madontho a mvula. Pakati pa timibuluto madzi amalowa n'kutsikira pansi pang'onopang'ono, kenako amakatulukira m'akasupe ndi m'zitsime atasefedwa. Nthaka yopanda zamoyo imauma gwa pamwamba, madzi amangothamanga n'kunyamula dothi.

Kafukufuku wa boma la Malawi ndi mabungwe a FAO, UNDP ndi UNEP anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya matani 29 a dothi pahekitala iliyonse pachaka. M'Chigawo cha Kumpoto, boma la Nkhata Bay ndi lomwe linapezeka lokhudzidwa kwambiri chifukwa cha mapiri ndi kukula kwa mvula. Bungwe la FAO limati pamatha kupita zaka 1,000 kuti papangike dothi lokhuthala masentimita 2 kapena 3 okha.

Dothi lokokolokalo limathera m'mitsinje monga Limphasa ndi Luweya, kenako m'nyanja. Nsomba za mbuna, zomwe alendo amabwera kudzaona m'miyala ya gombe la Nkhata Bay, zimadya ndere zomera pamiyala, ndipo matope akakuta miyalayo chakudya chawo chimachepa. Mpasa ndi sanjika zimakwera mitsinje kukaswana pamalo a timiyala, pomwe matope amatha kukwirira mazira. Motero kasamalidwe ka munda wa kuphiri kamakhudzanso msodzi wa kugombe.

Zamoyo zowononga

Si zonse za m'nthaka zimene zili zothandiza. Manematodi ena amatupitsa mizu ya tomato, fodya ndi nthochi. Mphutsi zoyera zimadya mizu ya chimanga, mfuko zimadya chinangwa ndi mbatata, ndipo chuku china cha m'dothi chimaika poizoni mu mtedza ndi m'chimanga. Tizilombo toyambitsa kafumbata ndi mazira a njoka zam'mimba timakhalanso m'dothi. M'nthaka yokhala ndi zamoyo zamitundumitundu, zowonongazi zimakhala ndi adani ozidya kapena olimbana nazo chakudya. Zimachulukana kwambiri pamene mbewu imodzi ikubzalidwa pamalo amodzi chaka ndi chaka.

M'dothi mwachokeranso mankhwala. Streptomycin, mankhwala oyamba ochiza chifuwa chachikulu, anapezeka mu 1943 kuchokera ku bakiteriya wa m'nthaka.

Zomwe zikuwononga zamoyozi

Kuwotcha mapesi ndi tchire kumapha zamoyo zapamwamba ndi kumaliza chakudya chawo. Phulusa limapereka michere mwachangu koma nayitirojeni amapita ndi utsi. Kudula mitengo chifukwa cha makala, nkhuni, matabwa ndi kuwamba nsomba kumasiya nthaka pamtetete. Kugaula ndi kusuntha mizere chaka chilichonse kumadula timaulusi ta mafangasi ndi kugumula njira za nyongolotsi. Kukolola chinangwa kumafuna kukumba, choncho munda wa pamtsetse umatsala wofukuka ndi wosavuta kukokoloka. Feteleza wa yureya akamathiridwa yekha kwa zaka zambiri popanda manyowa amawonjezera asidi, ndipo mankhwala ophera tizilombo akachuluka amapha ndi zothandiza zomwe.

Njira zosamalira

Nthambi yosamalira nthaka mu unduna wa zamalimidwe imalimbikitsa ulimi wa mleranthaka, womwe mfundo zake ndi zitatu: kusagaula munda, kuphimbira nthaka ndi mapesi kapena masamba, ndi kuchita kasinthasintha kapena kasakaniza wa mbewu. Pamalo otsetsereka alimi amalangizidwa kukonza akalozera, kubzala udzu wa vetiva ndi kupanga ngonyeka m'mizere. M'chinangwa chaching'ono mumatha kubzalidwa khobwe, nyemba kapena mtedza kuti nthaka ikhale yokutidwa pa nthawi ya mvula yamphamvu.

Manyowa a kompositi ndi a khola amadyetsa mbewu ndi zamoyo za m'nthaka nthawi imodzi. Feteleza atakwera mtengo, alimi ambiri anayamba kupanga manyowa a Mbeya posakaniza ndowe, madeya, phulusa, madzi ndi feteleza pang'ono, n'kuzisunga m'thumba lomanga masiku 21. M'bomali bungwe la Ripple Africa, lomwe lili ku Mwaya, limathandiza midzi kubzala mitengo ndi kumanga mbaula ya Changu Changu Moto yosamaliza nkhuni. Boma la Malawi linalonjezanso kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030.

Mbiri ya kafukufuku

Mu 1881 Charles Darwin anatulutsa buku lofotokoza momwe nyongolotsi zimapangira dothi lapamwamba. Mu 1885 Albert Bernhard Frank wa ku Germany anapereka dzina la maikoraiza, ndipo mu 1888 Martinus Beijerinck wa ku Netherlands anapatula mabakiteriya a m'timibulu ta mizu ya nyemba. Bungwe la United Nations linasankha 2015 kukhala chaka cha nthaka padziko lonse, ndipo tsiku la nthaka limakumbukiridwa pa 5 Disembala chaka chilichonse. Lipoti la FAO la mu 2020 linati zamoyo zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a mitundu yonse ya padziko zimakhala m'nthaka, pomwe kafukufuku wina wa mu 2023 anayerekeza kuti ndi magawo 59 pa 100 aliwonse. Mitundu yambiri ya mabakiteriya ndi mafangasi a m'nthaka sinapatsidwebe mayina.