Nkhondo ya pa Bunker Hill ndi Bungwe Losunga Mbiri Yake

1. Mau Oyamba

Mphunzitsi amene amamasulira mabuku a mbiri yakale m'Cinyanja, ndi wofufuza amene amayenda m'midzi kukajambula mau a acikulire, onse awiri amakumana ndi funso limodzi: kodi nkhani yakale imadzera m'manja mwa yani isanafike kwa ife? M'nkhani ino tifuna kuunika funsoli mwa kutenga citsanzo ca kutali, ca nkhondo imene inamenyedwa pafupi ndi mzinda wa Boston ku Amereka pa 17 June 1775, ndi ca bungwe lochedwa Bunker Hill Monument Association limene linadzipatsa nchito yosunga cikumbukiro cake. Tasankha citsanzo cimeneci cifukwa zocita za bungweli zinalembedwa bwino, kotero kuti nkotheka kulondola zimene linasunga, zimene linagulitsa, ndi zimene zinatayika m'manja mwa anthu ophunzira.

Tisanapitirire, pali liu limodzi lofunika kusamala nalo. Mabuku a Cingerezi amachula anthu amene anaukira mfumu George III kuti colonists, ndipo womasulira wofulumira adzalemba kuti "atsamunda". Koma m'makutu a wowerenga wathu mtsamunda ndi wolamulira wocokera kunja, amene eni dziko amalimbana naye. Anthu a ku Massachusetts anali zonse ziwiri: kwa boma la ku London anali olamulidwa, pamene kwa mitundu imene anaipeza m'dzikolo anali alendo olanda malo, ndipo ena mwa iwo anali ndi akapolo. Cotero ife tiwachula kuti Aamereka, ndipo asilikali a mfumu tiwachula kuti Angerezi, ngakhale kuti mu 1775 ambiri a mbali zonse ziwiri anali kudziyesabe anthu a mfumu imodzi. Cikalata colengeza ufulu cinadza patapita caka, pa 4 July 1776.

2. Nkhondo Yeniyeniyo

Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 19 April 1775 ku Lexington ndi ku Concord. Zitatero, Aamereka anazinga Boston, mmene munali asilikali a Angerezi otsogozedwa ndi Thomas Gage. Kumpoto kwa mzindawo, kutsidya kwa mtsinje wa Charles, kunali mudzi wa Charlestown, womangidwa pa mtunda wozingidwa ndi madzi pafupifupi mbali zonse, ndipo pa mtundawo panali zitunda ziwiri zofunika pa nkhani yathu: Bunker Hill, cacitali ndi cakumbuyo, ndi Breed's Hill, cacifupi koma coyandikira kwambiri ku Boston. Woika mizinga pa zitundazi akanatha kuopseza mzinda ndi doko lomwe.

Usiku wa pa 16 June anthu pafupifupi 1,200 otsogozedwa ndi William Prescott anatumidwa kukamanga linga pa Bunker Hill. Iwo anapitirira nakakumba linga lao pa Breed's Hill. Kutaca, zombo za Angerezi zinayamba kuombera, ndipo masana William Howe anaolotsa asilikali ake. Kawiri konse anakwera citunda m'mizere, ndipo kawiri konse anabwezedwa ndi zipolopolo. Mudzi wa Charlestown unatenthedwa. Ulendo wacitatu onga wa mfuti unawathera Aamereka, linga linagwa, ndipo iwo anathawa kudzera pa Bunker Hill. Joseph Warren, sing'anga amene anali mtsogoleri wa msonkhano wolamulira Massachusetts, anaphedwa pa nthawi yothawayo.

Angerezi ndiwo anatsala ndi citunda, koma anataya asilikali 226 ndipo ena 828 anavulala. Kwa Aamereka, akufa, ovulala ndi ogwidwa onse pamodzi anali pafupifupi 450. Gage anaitanidwa kubwerera kwao caka comweco, ndipo pa 17 March 1776 Angerezi anacoka m'Boston.

Wophunzira maina a malo aona kale cinthu cimodzi pano. Nkhondo imadziwika ndi dzina la citunda cimene sipanali linga. Cisokonezo cinayamba msanga, pakuti ngakhale mapu amene anajambula Thomas Hyde Page, mmodzi wa akulu a asilikali a Angerezi amene anavulala tsikulo, anasinthanitsa maina a zitunda ziwirizo. Dzina limene linalowa m'makalata oyamba ndi m'kamwa mwa anthu ndilo linakhala, ndipo bungwe limene tikambe tsopano linalikhomera pa mwala.

3. Kubadwa kwa Bungwe

Kwa zaka zambiri malo a nkhondo anali busa la ng'ombe cabe. Cikumbutso cokha cinali mzati wa mtengo umene gulu la Freemasons linaimika mu 1794 polemekeza Warren, amene anali mmodzi wa iwo. Cimene cinadzutsa anthu ndi mkangano. Mu 1818 Henry Dearborn, amene anamenya nao nkhondoyo ali mnyamata, anasindikiza nkhani yonena kuti Israel Putnam, mtsogoleri wochuka wa ku Connecticut, anakhala kumbuyo osatumiza thandizo ku linga. Putnam anali atamwalira kale, koma mwana wake ndi anzake anayankha mwaukali, ndipo mbali iriyonse inasonkhanitsa maumboni a nkhalamba otsimikiza zonena zake. Apa mpamene akuluakulu a Boston anazindikira kuti mboni ziri kutha, ndi kuti malo omwewo angagulitsidwe tsiku liri lonse.

Bungwe linakhazikitsidwa mu 1823. Mwa oyambitsa ake munali wolemba William Tudor, wandale Daniel Webster, mphunzitsi Edward Everett, wamalonda Thomas Handasyd Perkins, ndi sing'anga John Collins Warren, mwana wa mbale wake wa Joseph Warren. Anali anthu acuma ndi ophunzira, ndipo ici cinaumba nchito yao yonse. Wopereka madola 5 anali kukhala membala. Pofika mu 1825 anali atagula maekala 15 a malo a nkhondo, ndipo pa 17 June caka cimeneco, patapita zaka 50 cicitikire nkhondoyo, Lafayette, Mfalansa amene anathandiza Aamereka pa nkhondo yao, anaika mwala wa maziko a cipilala. Pobwerera kwao anatenga dothi la pamalopo, limene linathiridwa pa manda ace ku Paris atamwalira mu 1834.

Tsiku limenelo Webster analankhula pamaso pa khamu, nkhalamba zimene zinamenya nkhondo zitakhala patsogolo pake. Mau ake anasindikizidwa, ndipo kwa mibadwo ingapo ana a sukulu ku Amereka anali kuwaloweza pamtima pophunzira luso la kulankhula. Mphunzitsi wa cilankhulo aone bwino pamenepa: ana ambiri anaidziwa nkhondoyi m'phunziro la kuwerenga ndi kulakatula, asanaimve m'phunziro la mbiri. Kugonja kwa pa citunda kunasanduka cipambano m'kalasi la cilankhulo.

4. Maumboni a Nkhalamba

Mbali imene ikhudza kwambiri nchito yathu ndi iyi. Pa cikondwerero ca 1825 panafika anthu pafupifupi 40 amene ananena kuti anamenya nao nkhondoyo, ndipo atsogoleri a bungwe anacita cinthu canzeru: anakonza kuti maumboni ao alembedwe. Zolembazo zinasungidwa m'nyumba ya mmodzi wa atsogoleriwo, ndipo mu 1842 zinaperekedwa ku bungwe lina la akatswiri a mbiri, Massachusetts Historical Society. Amene anaziwerenga, kuphatikizapo mbusa George E. Ellis, anakhumudwa nazo. Anapeza kuti nkhalambazo zinali kutsutsana, kuti zina zinali kudzitama, ndi kuti zina zinali kusimba ngati zoona ndi maso zinthu zimene zinangomva kapena kuwerenga. Anaweruza kuti zolembazo nzopanda phindu pa mbiri, anakana kuzisindikiza, ndipo lero sizipezekanso.

Ife sititsutsa kuti munali zabodza. Munthu amene anali ndi zaka 20 pa tsiku la nkhondo anali ndi zaka 70 mu 1825. Anali ataona utsi ndi msana wa mnzake wa patsogolo, osati nkhondo yonse. Anali atasimba nkhani yake kambirimbiri pa moto ndi pa mowa. Anali atamva mkangano wa Dearborn ndi Putnam nasankhapo mbali. Ndipo tsopano anafunsidwa ndi anthu olemekezeka pa tsiku limene dziko lonse linali kumucha ngwazi. Ali yense wa ife amene anakhalapo pa mphasa ndi mkulu wa mudzi, makina ojambulira mau ali pakati, adziwa kuti wosimba amayang'ana nkhope ya wofunsa ndi kumpatsa cimene aganiza kuti wabwerera.

Koma cigamulo ca akatswiriwo cinali ca anthu ofuna yankho la funso limodzi lokha: ndani anaima pati, ndipo ndani analamula? Zolembazo zikanayankha mafunso ena amene iwo sanawaganizire. Zikanationetsa mmene alimi ndi amisiri a ku New England anali kulankhulira, mau amene anali kuchulira zida ndi malo, dzina limene iwo eni anali kucipatsa citundaco, ndi njira imene nkhani imakulira m'zaka 50. Umboni wotsutsana ndiwo cuma ca wophunzira zosimbidwa pakamwa, cifukwa poyerekeza masimbidwe awiri osiyana mpamene timaona cimene wosimba waonjeza ndi cifukwa cake. Mwacitsanzo, pali lamulo lochuka limene amati linaperekedwa pa linga, loletsa asilikali kuombera kufikira adani atayandikira kotero kuti maso ao aoneke. Mabuku ena amaliika m'kamwa mwa Prescott, ena mwa Putnam, ndipo akatswiri ambiri a masiku ano amakayika ngati linanenedwa motero. Anthu 40 amene akanatithandiza kuona mmene mauwo anafalikira anafunsidwa, mayankho ao analembedwa, ndipo kenaka anatayidwa. Mau a Webster, amene anabadwa mu 1782 nkhondoyo itapita kale, tiri nao onse.

Tionjezepo kuti anthu akuda ndi a mitundu ya eni dziko oposa 100 anamenya nao nkhondoyi ku mbali ya Aamereka, monga kafukufuku wa m'mabuku a usilikali anaonetsera m'zaka za posacedwapa. Mmodzi wa iwo, Salem Poor wa ku Andover, amene anadziombola yekha ku ukapolo mu 1769, anamenya molimba mtima kotero kuti mu December 1775 akulu a asilikali 14, Prescott ali mmodzi wa iwo, analemba kalata ku nyumba ya malamulo ya Massachusetts yomuyamikira. Timamdziwa cifukwa ca kalata imeneyo, yosungidwa ndi boma. Ulemu wa dziko unamfika mu 1975, pamene cithunzi comuimira cinaikidwa pa sitampa.

5. Mwala ndi Malo

Cipilala cinapangidwa ndi mmisiri Solomon Willard, ndipo miyala yake inacokera ku Quincy, kumene kunayalidwa njanji mu 1826 yotengera miyalayo ku mtsinje pa ngolo zokokedwa ndi akavalo. Ndalama zinatha kawiri, nchito niima kwa zaka. Kuti libweze ngongole, mu 1838 bungwe linayamba kugulitsa maekala 10 mwa 15 aja, ndipo ogulawo anamangapo nyumba. Malo otsetsereka amene asilikali a Howe anakwera katatu anasanduka miseu. Bungwe lokhazikitsidwa kuti lipulumutse malo a nkhondo linagulitsa magawo awiri mwa atatu a malowo pofuna kutsiriza mwala wowakumbukira.

Ngakhale zinatero ndalama sizinakwane, ndipo amene anatsiriza nchito ndi amai. Sarah Josepha Hale, mkonzi wa magazini a akazi, anatsogolera anzake kukonza msika wa zosokasoka ndi zophikaphika m'Boston mu September 1840, umene unabweretsa madola oposa 30,000. Amalonda awiri, Amos Lawrence ndi Judah Touro, anapereka madola 10,000 ali yense. Mwala wa pamwamba unaikidwa mu July 1842: cipilala ca mamita 67, ca makwerero 294 m'kati mwake, coima pa Breed's Hill koma cochedwa ndi dzina la Bunker Hill. Pa mwambo wocipatula, pa 17 June 1843, Webster analankhulanso, pulezidenti John Tyler ali pomwepo. John Quincy Adams, amene ali mwana anaonera utsi wa nkhondoyo ali pa phiri la kwao, anakana kupita, posafuna kukondwerera ufulu pamodzi ndi mtsogoleri wosunga akapolo.

Bungwe linasamala cipilala kufikira mu 1919, pamene linacipereka ku boma la Massachusetts, ndipo kuyambira mu 1976 cimayang'aniridwa ndi National Park Service, nthambi ya boma la dziko lonse yosunga malo a mbiri. Mu June 2025, pokumbukira kuti papita zaka 250, magulu a anthu okonda mbiri anavala zovala za asilikali a nthawiyo nacita sewero la nkhondo yonse. Ku Charlestown kunalibe bwalo lokwanira, cotero anakacitira ku Gloucester, mzinda wina wa m'mbali mwa nyanja kumpoto ca kum'mawa kwa Boston.